PHUNZIRO 17: NTHAKA NAYONSO IMATOPA

Kuŵerenga: Levitiko 25:1-7, 23, Luka 13:1-5

Cholinga: Kuti ana aphunzire kuona zizindikiro zosonyeza ngati dziko lathu lili bwino kapena likudwala.

Mau kwa Mphunzitsi

Musayambire phunziroli m'tchalitchi. Tulukani ndi ana pabwalo, ayang'ane ku phiri, kenaka atsitse maso pang'onopang'ono. Adzaona miyala ndi nkhalango yotsalako pamwamba, minda ya tiyi m'munsi mwake, ndiponso timinda ta chimanga, nandolo ndi chinangwa tothinana pakati pa nyumba. Akatswiri akafuna kudziŵa ngati dziko lidzatha kudyetsa zidzukulu zake, amayesa zomwezi: nkhalango yatsala yaikulu bwanji, minda yakula bwanji, nanga kusinthako kukuloza kuti. Chaka chimodzi sichiwulula kanthu, koma pakapita zaka makumi asanu munthu amaona kumene tikupita.

M'mene Tidafikira Pano

Tiyi adayamba kubzalidwa pa Mishoni ya Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 1890 adafika kuno ku Mulanje. M'zaka zomwezo boma la Harry Johnston lidapatsa azungu zikalata za malo aakulu, ndipo anthu okhala pa malowo adayamba kugwira thangata. Alomwe ambiri adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, nakhala m'maesiteti ndi m'midzi yozungulira. Mu 1927 phiri lonse lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Choncho munthu wamba adatsala ndi malo a pakati pa esiteti ndi malire a nkhalango.

Malowo sadakule, koma anthu adachuluka. Pa kalembera wa 1966 m'Malaŵi mudali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 adapitirira 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mulanje lokha lidali ndi anthu oposa 680,000. Kwathu kuno mai amagaŵira ana ake aakazi munda. Akakhala nawo atatu, munda umodzi usanduka timinda titatu, ndipo aliyense amangapo nyumba ndi mkamwini. Agogo athu munda ukaguga ankausiya tsala, nakatsegula mphanje pena. Funsani ana ngati alipo amene adaonapo tsala m'mudzi mwawo. Ndikhulupirira kuti ambiri sadziŵa ngakhale mauwo.

Chizindikiro china chili pamwamba pa phiri. Mkungudza wa ku Mulanje sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mu 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Matabwa ake ndi onunkhira, chiswe sichiŵadya, nchifukwa chake anthu adaŵafuna kwambiri. Ocheka matabwa ndi moto wa m'tchire adaumaliza, kotero kuti ofufuza atayendera phiri mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi labzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula mochedwa. Ana amene mukuŵaphunzitsaŵa adzayamba kumera imvi mitengoyo isanafanane ndi imene idadulidwa.

Nkhalango ndiyo imasunga madzi. Mvula ikagwa pa masamba ndi pa zinyalala za pansi pa mitengo, imalowa m'nthaka ndi kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe kufikira mwezi wa Okutobala. Ikagwa pa dazi imathamanga tsiku lomwelo, itanyamula dothi lachonde. Ruo, Lichenya, Thuchila ndi Likhubula yonse imachokera m'phiri muno, ndipo kuyambira 2019 madzi a Likhubula amapita pa mipope mpaka ku Blantyre.

Chiphunzitso

Pa Levitiko 25 Aisraele adalamulidwa kuti chaka chachisanu ndi chiŵiri chilichonse asalime, nthaka ipumule. Ndime 23 ikupereka chifukwa chake: mwini dziko ndi Mulungu, anthu ndi alendo okhalapo chabe. Fotokozerani ana kuti mlendo sathyola mpando wa mwini nyumba.

Koma samalani pano. Banja la kamunda kamodzi silingathe kukagoneka chaka chathunthu, ndipo mwana wa m'banja lotere asachoke pa Sande Sukulu akuganiza kuti makolo ake ndi ochimwa. Pakati pa ana anu pali ena amene sukulu amalipirira ndi ndalama za makala. Mai wosenza mtolo wa nkhuni kuchokera m'phiri sindiye adalemba malire a maesiteti, ndiponso makala ambiri amakapsera m'tauni. Chimene mungaphunzitse ndi chakuti nthaka ingathe kupumula ikulimidwa: kubzala nandolo pakati pa chimanga, kukwirira mapesi m'malo moŵatentha, kuthira manyowa, kulima mizere yopingasa pa malo otsetsereka ndi kusiya mitengo m'mbali mwa mtsinje.

Ana adzakufunsani za napolo. M'mwezi wa Malichi 1991 madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, kumene nthaŵi imeneyo kudali mbali ya boma la Mulanje. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy adachitanso chimodzimodzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Mvula yotere imagumula phiri ngakhale pali mitengo. Kudula mitengo ndi kumanga nyumba m'mbali mwa mitsinje chifukwa chosoŵa malo kumangokulitsa tsokalo. Apa ŵerengani Luka 13, pamene Ambuye Yesu akukana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu idaŵagwera adali ochimwa kuposa anzawo. Mwina m'kalasi mwanu muli mwana amene adataya mbale wake. Lankhulani mofatsa.

Ntchito ya Ana

Mwana aliyense akafunse agogo ake kapena munthu wina wachikulire mafunso aŵa: Muli mwana, nkhuni munkatola kuti? Mtsinje wathu unkaphwa mwezi uti? Munda wa amai anu tsopano akulimamo anthu angati? Sabata ya maŵa mulembe mayankho onse pa bolodi, mbali ina "kale", mbali ina "lero". Ngati mvula yayamba, ana aŵiri abweretse madzi a mumtsinje m'botolo loyera, muliike pa zenera poyamba phunziro, ndipo pomaliza muyese ndi chala dothi limene lakhala pansi.