Kompaila Ikakudzudzulani, Mverani

Ana anga, ndimakumvani mukamakangana. Uyu akuti C ndiye mfumu. Uyo akuti C yakalamba, tsogolo ndi Rust. Winayo wangokakamira Go. Mumachita ngati ochemerera mpira. Takhalani pansi. Inenso ndinakanganapo choncho, ndipo ndinalipira.

Ndili mnyamata, C ndinkaikonda koopsa. Zifukwa zinalipo. Dennis Ritchie anaipanga ku Bell Labs cha m'ma 1972, Unix inalembedwa nayo, Linux chimodzimodzi. Imathamanga. Imakupatsa memory yonse m'manja kuti uchite nayo zomwe ukufuna. Koma mpeni wakuthwa susiyanitsa nyama ndi chala.

Ndinalemba pulogalamu yosunga mayina a alimi ndi kulemera kwa matumba awo pasikelo. Dzina ndinalisiyira malo a zilembo 32, n'kumaliwerenga ndi gets, yomwe imangolandira zilembo osayang'ana ngati malo atha. Nthawi iliyonse ndikamanga pulogalamuyo ndi kompaila ya GCC, chenjezo linkatuluka lakuti gets ndi yoopsa. Ndinkaliona. Ndinkaliwerenga. Ndinkalilumpha. Mumtima ndinkati bola yayenda.

Inayendadi miyezi 8. Tsiku lina kalaliki analemba dzina la mlimi ndi la mudzi wake pamzere umodzi. Zilembo zinasefukira pa nambala yoyandikana nazo, ya kulemera kwa thumba lopanda kanthu. Pulogalamu sinagwe. Ikanagwa, bwenzi titadziwa msanga. Inangopitiriza kudula makilogalamu a anthu mwakachetechete. Mayi wina anabwera kawiri wapansi kudzadandaula, mwana kumsana, kalisiti kake atakamanga pansonga ya chitenje. Kawiri konse anamubweza. Ankamuuza kuti kompyuta sinama. Ndinatha masiku atatu osagona ndikusaka cholakwikacho. Ntchito ija anandilanda. Ntchito ndinapeza ina. Koma nkhope ya mayi uja sinandichokebe m'maso. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Dzenje limeneli lameza ambiri. Mu 1988 Morris worm inalowa m'makompyuta ambirimbiri, ndipo khomo lake limodzi linali gets yomweyi. Mu 2011 gets anaichotseratu m'malamulo a C. Mu 2014 Heartbleed inaulula zinsinsi za anthu chifukwa OpenSSL inkawerenga memory kupyola malire. Mu 2019 a Microsoft ananena kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo achitetezo omwe amatseka chaka ndi chaka amachokera ku kusasamala memory.

Ndiye mudzati tonse tithawire ku Rust. Dekhani. Rust, yomwe inakhazikika mu 2015, ili ndi kompaila yolimba mtima. Imafunsa mwini wa kachidutswa kalikonse ka memory, ndipo ukayankha mozemba imakana kumanga. Imakukwiyitsa lero kuti usalire mawa. N'chifukwa chake Linux inayamba kuilandira mu 2022. Koma kuiphunzira n'kowawa, imachedwa kumanga, ndipo tizipangizo tina tating'ono timangodziwa C. Go, yomwe Google inatulutsa mu 2009, imamanga msangamsanga ndipo imasesa yokha memory yotha ntchito. Pa maseva ndi yabwino. Koma wosesayo naye amadya nthawi ndi malo. C++ ya Bjarne Stroustrup ili ndi mphamvu, koma ndi nkhalango, osochera ndi ambiri. Palibe chaulere. Ndikubwereza: palibe chaulere.

Musaganizenso kuti chinenero chokhwima chidzakuganizirani. Mu 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi itanyamuka. Pulogalamu yake inali ya Ada, chinenero chotchuka ndi kusamala. Nambala ya mabiti 64 anaikakamiza kulowa m'malo a mabiti 16. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono gwirani izi. Yatsani machenjezo: -Wall, -Wextra, ndiponso -Werror kuti chenjezo likhale chipika panjira. Mangani ndi GCC, mumangenso ndi Clang, pakuti chomwe wina waphonya mnzake amachiona. Mutu umodzi susenza denga. Yesani pulogalamu yanu ndi Valgrind kapena AddressSanitizer isanafike kwa anthu. Ipatseni dzina lalitali. Ipatseni mzere wopanda kanthu. Izunzeni nokha isanazunze ena. Ndipo ikasintha khalidwe mutayatsa -O2, musathamangire kunyoza kompaila. Yambani mwadzikayikira nokha.

Musanasankhe chinenero, dzifunseni mafunso atatu. Pulogalamuyi idzayenda pa chipangizo chotani? Ine ndikadzachoka, adzaisamala ndani? Ikadzalakwa, adzalira ndani?

Funso lachitatuli ine sindinadzifunse. Inu nthawi mukadali nayo. Kuseri kwa chenjezo lililonse lomwe mukulumpha kuli munthu amene simunamuonepo, atagwira kalisiti kake, akukhulupirira kuti munasamala. Musamubweze kawiri.