Mmene mungawerengere mizere yolengeza yopotana ya C

Ophunzira C ambiri amayenda bwino mpaka atakumana ndi mzere uwu, womwe uli m'malamulo a chilankhulochi:

void (*signal(int sig, void (*func)(int)))(int);

Mukauwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, simutolapo kanthu. Dennis Ritchie, amene anapanga C ku Bell Labs cha mu 1972, ankafuna kuti mzere wolengeza dzina uzifanana ndi mmene dzinalo lidzagwirire ntchito. Mukalemba int *p, mukunena kuti *p ndi int, choncho p ndi pointer. Maganizowo ndi abwino, koma zizindikiro zikachuluka zimasokoneza, moti m'buku lawo la The C Programming Language lomwe linatulukanso mu 1988, Ritchie ndi Brian Kernighan anaikamo pulogalamu yotchedwa dcl yongomasulira mizere yotereyi.

Choyamba, pezani dzina lomwe likulengezedwa. Musayambire pa int kapena void. Mawu amenewo ndi omalizira.

Mukalipeza, yang'anani kumanja kwake. Mukaona [10], nenani kuti "ndi array ya zinthu 10". Mukaona mabulaketi a ( ), nenani kuti "ndi function yobweza". Pitirirani kumanjako mpaka mutagunda bulaketi yotseka kapena mapeto a mzere. Pamenepo ndi pomwe mutembenukire kumanzere, ndipo nyenyezi (*) iliyonse muiwerenge kuti "pointer yoloza". Kumanja kumayamba chifukwa mu C zizindikiro za [ ] ndi ( ) zimagwira dzina mwamphamvu kuposa nyenyezi. Ngati dzina ndi nyenyezi zatsekeredwa m'mabulaketi, malizani zam'katimo, kenako tulukani n'kuyambiranso kumanja.

Yesani pa mizere iwiri iyi:

int *a[10];
int (*b)[10];

Pa woyamba, kumanja kwa a kuli [10], ndiye a ndi array ya zinthu 10. Kumanzere kuli nyenyezi, ndiye zinthuzo ndi ma pointer oloza int. Pa wachiwiri, kumanja kwa b kuli bulaketi yotseka, choncho nyenyezi ndiyo ikuyamba: b ndi pointer imodzi yoloza array ya ma int 10. Kusiyanaku si kwa pakamwa chabe. Pa kompyuta wamba ya 64-bit, sizeof(a) ikupatsani 80, pamene sizeof(b) ikupatsani 8.

Tsopano wolemerako:

double (*(*tebulo[4])(int))[3];

Dzina ndi tebulo. Kumanja [4]: array ya zinthu 4. Khoma la bulaketi yotseka, kumanzere nyenyezi: ma pointer. Tulukani, kumanja (int): oloza function yolandira int, yobweza... Khoma linanso, kumanzere nyenyezi: pointer. Tulukaninso, kumanja [3]: yoloza array ya zinthu 3, ndipo zinthuzo ndi double. Ndi bwino kumalemba chiganizocho papepala pamene mukuyenda, chifukwa mutu umataya kale mawu oyamba pofika bulaketi yachiwiri.

Signal uja sakuopsanso. Dzina ndi signal, kumanja kwake kuli mabulaketi, ndiye ndi function. Zam'kati mwake ziwerengeni pazokha: sig ndi int, ndipo func ndi pointer yoloza function yolandira int yosabweza kanthu. Bwererani kwa signal: kumanzere nyenyezi, ndiye ikubweza pointer, kunja kuli (int) ndi void, ndiye pointer imeneyo ikuloza function yofanana ndendende ndi ya func. Mumaipatsa function yatsopano, iyo n'kukubwezerani yakale.

Pa intaneti mupeza ena akuphunzitsa kuti muzizungulira mzerewo, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere. Ine sindiivomereza njirayi. Pa int *m[2][3] ikuchititsani kutola nyenyezi musanafike pa [3], chikhalirecho m ndi array ya ma array 2, iliyonse ya ma pointer 3.

Mawu a const amafuna diso. Amamanga chomwe chili kumanzere kwake, ndipo kukakhala kulibe kanthu amamanga cha kumanja. Pa const char *p, zilembo zolozedwazo ndizo simungazisinthe kudzera mwa p, koma p yekha angathe kuloza kwina. Pa char *const p, ndi p amene wamangidwa. Samalaninso ndi int* x, y. Nyenyeziyo ndi ya x yekha, y ndi int wamba.

Pali njira yodziyesera. Mu C, function siingabweze array kapena function ina, ndipo array siingasunge ma function. Kuwerenga kwanu kukatulutsa chimodzi mwa izi, mwalumpha nyenyezi penapake. Pulogalamu ya cdecl imamasulira mizereyi m'Chingelezi; igwiritseni ntchito poona ngati mwalondola, mutayamba mwayesa nokha.

Kudziwa kuwerenga mizere yotere sikukupatsani chilolezo choilemba. Tsamba la man la signal pa Linux linagawa mzere wa signal uja pawiri:

typedef void (*sighandler_t)(int);
sighandler_t signal(int signum, sighandler_t handler);

Tanthauzo ndi lomwe lija, koma aliyense akumva. Mzere wanu ukafika pa mabulaketi awiri olowana, patsani gawo lam'katilo dzina ndi typedef.