Musanagule RAM Ina, Dziwani Kaye Zimene Purosesa Yanu Ingathe

Kompyuta ikayamba kuchedwa, ambiri amathamangira kukagula RAM ina. Ena akamasankha laputopu ya kaunjika amangoyang'ana nambala ya GHz n'kugamula kuti makinawo ndi aliwiro. Ndalama zambiri zimatayika chonchi. Liwiro la kompyuta limadalira maadiresi amene purosesa ingatchule, kukula kwa njira imene deta imadutsamo, ndiponso kugunda kwa koloko yake, ndipo zonsezi mungazifufuze nokha musanatulutse ndalama.

Yambani ndi kudziwa ngati makina anu ndi a 32-bit kapena 64-bit. Pa Windows 10 kapena 11, tsegulani Settings, pitani pa System, kenako About, ndipo muwerenge mzere wa System type. Pa Linux lembani lscpu. Mzere wa pa Windows uja umanena zinthu ziwiri, mtundu wa Windows ndi mtundu wa purosesa. Mungapeze kuti purosesa ndi ya x64 koma munthu wina anaikamo Windows ya 32-bit.

Tsopano werengerani maadiresi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Baiti iliyonse ya mu RAM ili ndi nambala yakeyake, ngati mabokosi a ku positi ofesi, ndipo purosesa singatenge kanthu m'bokosi limene singathe kutchula nambala yake. Nambalayi imayenda pa timizere ta address bus, ndipo kamzere kalikonse kamanyamula biti imodzi, 0 kapena 1 basi. Timizere 2 timapereka maadiresi 4, timizere 3 timapereka 8, timizere 10 timapereka 1,024. Mukawonjezera kamzere kamodzi, maadiresi amawirikiza kawiri. Intel 8088, yomwe inali mu IBM PC ya 1981, inali ndi timizere 20, choncho inkathera pa maadiresi 1,048,576, omwe ndi 1 MB. Mabiti 32 amakufikitsani pa 4,294,967,296, kapena kuti 4 GB. Ngakhale 4 GB imeneyi simuiona yonse, chifukwa maadiresi ena amasungidwira zipangizo monga khadi ya zithunzi, ndipo Windows ya 32-bit nthawi zambiri imagwiritsa ntchito pakati pa 3 ndi 3.5 GB yokha. Kuika 8 GB m'makina otere n'kutaya ndalama, pokhapokha mutaikamo Windows ya 64-bit. Kusinthaku kumafuna kuika Windows mwatsopano, ndiye sungani kaye mafayilo anu pa diski ina. Makina a 64-bit nawo ali ndi malire ake, oikidwa ndi purosesa komanso motherboard. Tembenuzani laputopuyo, lembani nambala ya model, ndipo mufufuze pa tsamba la kampani yomwe inaipanga kuti imalandira RAM yochuluka bwanji.

Mukatero, onani kukula kwa data bus, njira imene deta yeniyeniyo imadutsa adiresi ikatchulidwa. Intel 8086 ndi 8088 zinali pafupifupi zofanana m'kati, zonse za 16-bit, koma 8088 inali ndi timizere 8 tokha totulukira kunja pamene 8086 inali ndi 16. Kuti itenge nambala ya mabiti 16, 8088 inkapita maulendo awiri, ulendo uliwonse n'kudya kugunda kwa koloko kanayi. Koloko ya purosesa ziwirizi ikhoza kufanana, koma ntchito n'kusiyana.

Masamu omwewa akugwirabe ntchito lero. RAM imodzi ya DDR4 imatumiza mabiti 64 nthawi imodzi, omwe ndi mabaiti 8. Ya DDR4-3200 imatumiza ka 3,200 miliyoni pa sekondi, ndipo mukachulukitsa ndi 8 mupeza 25.6 GB pa sekondi. RAM ziwiri zikamagwira ntchito limodzi mwa njira ya dual channel, njirayo imakula kufika mabiti 128. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager atseguke, sankhani Performance, kenako Memory. M'munsimo muona Speed ndi Slots used. Ngati palembedwa 1 of 2, ndiye kuti malo ena ali opanda kanthu, ndipo mugule RAM yofanana ndi imene ilimo kale, pa kukula ndi pa liwiro. Kwa ine, RAM ziwiri za 4 GB ndi zabwino kuposa imodzi ya 8 GB, makamaka pa laputopu imene zithunzi zake zimabwereka RAM yomweyo. Samalaninso mtundu. DDR3 silowa m'malo a DDR4 chifukwa kampata ka pakati pa mano ake kali pamalo osiyana, ndipo mukaikakamiza muthyola zinthu. Malaputopu ena opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pa motherboard, yosachotseka.

Koloko muione pomaliza. Purosesa ya 3 GHz imagunda ka 3 biliyoni pa sekondi, ndipo pa kugunda kumodzi kuwala kumayenda masentimita 10 okha. RAM singathamange chotero. Purosesa ikafuna deta imene mulibe mu cache, kamemory kaliwiro ka m'kati mwake, imadikira kugunda koposa 100 RAM isanayankhe. Komanso mapurosesa amasiyana pa ntchito imene amamaliza pa kugunda kumodzi. Pentium 4 inafika 3.8 GHz, koma Core 2 Duo ya 2006 inkaiposa ngakhale koloko yake inali yotsika. Choncho muziyerekezera GHz pa mapurosesa a m'badwo umodzi okha.

Mu Task Manager momwemo dinani CPU, ndipo muyerekezere Speed ndi Base speed. Tsegulani mapulogalamu angapo olemera n'kudikira mphindi zochepa. Ngati Speed ikutsika kwambiri pansi pa Base speed pamene fani ikulira, mwina purosesayo ikudzichepetsera liwiro chifukwa cha kutentha. Kawirikawiri vuto limakhala fumbi lomwe latseka potulukira mpweya, ndipo RAM yatsopano singathetse zimenezi.

Zonsezi chitani muli pa shopu pomwepo, makina ali oyaka pamaso panu. Ngati wogulitsa akukana kuti mutsegule Task Manager musanalipire, laputopu imeneyo musaigule.