PHUNZIRO 17: KODI LAMULO LINGATCHINJIRIZE MUNTHU WOSADZILETSA?

Kuŵerenga: 1 Mafumu 2:36-46

Vesi loloŵeza: Miyambo 25:28

Cholinga: Ana adziŵe kuti malamulo ndi abwino ndipo ayenera kuwamvera, koma kuti chosunga moyo wa munthu koposa ndicho mtima wodziletsa umene Mzimu Woyera apatsa.

Mau kwa Mphunzitsi

Yambani pofunsa ana chifukwa chake timamanga mpanda pa dimba, ndiponso chimene mbuzi imachita ikapeza poboola. Akayankha, auzeni kuti lamulo lili ngati mpanda. Musanyoze malamulo pamaso pa ana, pakuti Mulungu mwini analamula Aisraeli kumanga kampanda pa tsindwi la nyumba yatsopano kuti munthu angagwe (Deuteronomo 22:8). Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani

Simei anali munthu wa ku Bahurimu amene anatukwana Davide ndi kumponya miyala pamene Davideyo anali kuthaŵa Abisalomu. Solomo ataloŵa ufumu sanamuphe ai, koma anamuikira lamulo: amange nyumba m'Yerusalemu, akhale momwemo, ndipo tsiku lodzaoloka mtsinje wa Kidroni adzafa. Simei anavomera, nalumbira pa dzina la Yehova.

Zitapita zaka zitatu, akapolo ake aŵiri anathaŵira kwa Akisi mfumu ya ku Gati. Simei anakwera bulu wake nakawatenga. Zindikirani kuti Kidroni ali kum'maŵa kwa Yerusalemu, pamene Gati ali kumadzulo. Kapena anadzinyenga kuti popeza saoloka mtsinjewo palibe mlandu, naiŵala kuti anamletsa kutuluka kunka kwina kulikonse. Solomo atamva anamuitana, namkumbutsa lumbiro lake, ndipo Benaya anamupha. Lamulo linamsunga zaka zitatu, koma tsiku limene chuma chake chinamkoka mtima, lamulolo silinathe kumgwira mwendo.

Za masiku ano

Dziko la America linaletsa kupanga ndi kugulitsa moŵa kuyambira 1920. Anthu ambiri anayamba kuphika ndi kugulitsa mobisa, zigaŵenga zinalemera nawo, ndipo ena anafa ndi moŵa wapoizoni. Lamulolo linachotsedwa mu 1933. Ku Zambia boma linaletsa moŵa waukali wa m'timapepala, wotchedwa tujilijili, mu 2012, ndipo kuno ku Malaŵi masacheti analetsedwa mu 2015. Kuletsako kunali koyenera, chifukwa moŵawo unali wotsika mtengo ndi wosavuta kubisa m'thumba la mwana wa sukulu. Komabe wofuna kuledzera anapeza njira ina, ya timabotolo ndi kachasu.

Chimodzimodzi ndi laisensi ya galimoto. Chiphasocho chimatsimikiza kuti munthu anayesedwa ndipo adziŵa kuyendetsa, koma sichimgwira dzanja pamene afuna kupitirira galimoto lina pa kona. Ana aonanso oyendetsa njinga zamoto akuvala chisoti pokhapokha aona apolisi kutsogolo, atapitirira nachivula.

Tiphunziranji?

1. Lamulo lithandiza. Limachepetsa mpata wa choipa, limatchinjiriza ana ndi ofooka, ndipo limalanga wopweteka anzake. Chifukwa chake Mkhristu amvera akuluakulu a boma, monga Paulo aphunzitsa pa Aroma 13.

2. Lamulo lili ndi malire. Wapolisi sangakhale pa kona iliyonse, ndipo mfumu sikanatha kulondera Simei usana ndi usiku.

3. Mpanda wolimba uli m'kati mwa munthu. Vesi lathu lifanizira munthu wosadziletsa ndi mudzi wogumuka linga. Yeremiya 31:33 alonjeza lamulo lolembedwa mumtima, ndipo pa Agalatiya 5:22-23 kudziletsa kwaŵerengedwa pamodzi ndi zipatso za Mzimu. Izi boma silingapereke. Tizipempha kwa Yesu.

Mphunzitsi, kumbukirani kuti m'kalasi mwanu mungakhale ana amene makolo awo amamwa kapena kuphika kachasu. Musatchule dzina la munthu kapena mudzi, kuti mwana angachite manyazi nasiya kubwera.

Mafunso

1. Kodi Solomo anamuikira Simei lamulo lotani?

2. N'chiyani chinamtulutsa m'Yerusalemu?

3. Tchulani malamulo aŵiri a kunyumba kapena kusukulu amene amasunga moyo wanu.

4. Kodi mumatani pamene palibe wamkulu wokuonani?

Zochita

Mwana aliyense asankhe lamulo limodzi loti alisunge sabata ino ngakhale palibe womuona, ndipo adzafotokoze Lamulungu likudzali.

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha makolo, aphunzitsi ndi boma amene atiikira malamulo. Lembani chilamulo chanu m'mitima mwathu, kuti tikane choipa poyera ndi mseri momwe. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.