Kujambula Chuku: Malangizo kwa a ku Salisbury Lines

Poti Salisbury Lines ili m'dambo, chinyezi sichitisowa. Chimaononga makoma ndi zakudya, koma kwa inu wojambula zithunzi ndi mwayi. Chuku ndi bowa waung'ono kwambiri womera pa zinthu zoola, ndipo foni yanu ndi yokwanira kuchijambula.

1. Pezani ndimu kapena lalanje limodzi lovulala ku msika wa Zigwagwa, ndi kachidutswa ka buledi. Chuku chimalowera pabala; chipatso chosalala chidzakuchedwetsani.

2. Ikani chilichonse m'botolo lakelake lagalasi. Pa buledi donthezani madontho asanu a madzi. Tsekani, lembani tsiku pachitsekero. Madzi akachuluka mabakiteriya ndiwo amatsogola, buledi n'kungosanduka phala lonunkha.

3. Sungani mabotolo pamalo ofunda, posafika dzuwa. M'dzinja yembekezerani masiku atatu mpaka asanu. Mu Juni ndi Julayi, Mzuzu ikazizira, sabata ikhoza kutha musanaone kanthu. Musataye msanga.

4. Jambulani tsiku lililonse cha m'ma 7 koloko m'mawa, pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera m'mbali. Zimitsani flash, chifukwa imanyezimira pagalasi n'kubisa tiulusi ta chuku. Tsamiritsani foni pa njerwa kuti isagwedezeke, ndipo kumbuyo kwa botolo ikani nsalu yakuda. Lembani pomwe paima botolo ndi foni, kuti zithunzi zikadzaikidwa pamzere kukula kwa chuku kuoneke.

5. Dziwani chimene mukujambula. Pa buledi pamabwera tiulusi toyera ngati thonje, kenako timitu takuda. Ameneyo ndi Rhizopus, ndipo m'timitumo ndi momwe muli njere zake. Pa ndimu pamayamba banga lofewa, kenako kuyera, kenako pakati pamabiriwira. Ameneyo ndi Penicillium. Ine ndimakonda tsiku lomwe kubiriwira kwangoyamba, m'mphepete mukadali moyera. Pakapita masiku zimangokhala fumbi. Chuku cha banja lomweli ndi chomwe wasayansi Alexander Fleming anachipeza m'mbale yake yofufuzira ku London mu 1928, chiyambi cha mankhwala a penicillin. Mkuluyu ankajambulanso zithunzi ndi mabakiteriya amitundumitundu m'malo mwa penti.

6. Chimanga ndi mtedza wachuku zisiyeni. Zimatha kukhala ndi aflatoxin, poizoni woononga chiwindi, ndipo nkhuku zanu zitha kutola mukataya.

7. Musatsegule botolo m'nyumba, makamaka ngati muli wodwala mphumu kapena wa chitetezo chochepa m'thupi. Njere zimauluka n'kupumidwa. Mukamaliza, tulukani panja, phimbani mphuno, thirani Jik mpaka zonse zitamira. Dikirani mphindi 30, kenako kwirirani kutali ndi chitsime, chifukwa kuno madzi apansi ali pafupi.