Musanagwire chiwongolero ku Britain

Amalawi ambiri akafika ku Britain n'kuona galimoto zikuyenda kumanzere ngati kwathu, mtima umakhala m'malo. Chimene chimawagwetsa m'mavuto si kuwongola galimoto ayi, koma mapepala ndi zizolowezi zimene anachoka nazo kumudzi.

Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwayamba kukhala m'dzikomo. Anzathu a ku South Africa ndi Zimbabwe amangosinthitsa zawo, ife ayi. Muyenera kufunsira laisensi ya ophunzira ku bungwe loona za malaisensi la DVLA, kulemba mayeso a malamulo apamsewu, kenako kukayesedwa pamsewu penipeni. Odikira mayesowa amakhala ambiri, choncho yambani msanga. Chaka chikatha musanakhoze, simuloledwanso kuyendetsa nokha.

Nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya inshuwalansi. Kwathu mlamu akafuna kukatenga alendo kudepoti timangomuponyera makiyi, ndipo kukana kumaoneka ngati nkhanza. Kumeneko inshuwalansi imatchula mayina a anthu ololedwa kuyendetsa galimotoyo. Amene inshuwalansi siikumukhudza akagwidwa amalipira mapaundi 300, amalembedwa mapointi 6 a chilango pa laisensi, ndipo apolisi angathe kulanda galimoto. Mwiniwake amene anabwereketsayo nayenso ali ndi mlandu. Ngati m'nyumba muli oyendetsa awiri, lembetsani onse, ndipo wachibale akabwera kudzabwereka, m'fotokozereni bwinobwino kapena mum'perekeze nokha. Mapointi 6 si ochepa: amene wangokhoza kumene mayeso akawakwanitsa zaka ziwiri zisanathe, laisensi imathetsedwa ndipo amayambiranso. Kugwira foni m'manja mukuyendetsa nakonso ndi mapointi 6, kuwonjezera mapaundi 200.

Galimoto imene yadutsa zaka zitatu imapimidwa chaka chilichonse. Amati MOT, yofanana ndi COF yathu.

Zikwangwani za liwiro zimawerenga mamailosi, osati makilomita. M'tauni kawirikawiri ndi 30, amene ndi makilomita pafupifupi 48 pa ola, koma ku Wales anatsitsa kufika pa 20 mu 2023. Pa misewu ikuluikulu yotchedwa motorway malire ndi 70. Musayembekezere wapolisi woti akuimitseni mukambirane. Mukapitirira malire a liwiro, kamera imajambula nambala, kalata n'kufika kunyumba kwa mwini galimoto, ndipo chilango chochepetsetsa ndi mapaundi 100 ndi mapointi 3. Kalatayo imafunsa amene ankayendetsa. Yankhani zoona, pasanathe masiku 28. Kutchula dzina la mkazi kapena mwamuna wanu pofuna kupulumutsa laisensi yanu ndi mlandu umene ena analowa nawo m'ndende.

Ana akhale pampando wawo wapadera mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena atatalika masentimita 135. Kufukata khanda pamiyendo kuiwaleni.

Woyenda pansi amalemekezedwa kwambiri. Kuyambira mu 2022, mukamakhota kulowa msewu wina muyenera kumpatsa mpata ngakhale amene akungodikira kuwoloka. Pa raundabauti yambani mwadutsitsa ochokera kumanja. Pomwe pali mizere iwiri yachikasu m'mphepete mwa msewu musasiye galimoto, ngakhale mutati mungogula buledi. Hutala si yopatsira moni: m'malo okhala anthu siiloledwa kuyambira 11:30 usiku mpaka 7 koloko m'mawa.