Kuuluka Motsika: Chifukwa Chake Ndege Zabwinobwino Zimawomba Mapiri

Dziko la Malawi lilibe ndege zankhondo za jeti. Gulu lathu lankhondo la mumlengalenga, lomwe lili ndi bwalo lake ku Zomba kufupi ndi kuno ku Malosa, limagwiritsa ntchito ndege zonyamula anthu ndi katundu. Komabe funso lomwe limavutitsa woyendetsa jeti ndi lomwelo lomwe lidatigwetsa m'chisoni pa 10 Juni 2024 ku Chikangawa: kodi zimatheka bwanji kuti ndege yomwe injini zake zikugwira ntchito, ndipo oyendetsa ake ali maso, ikawombe phiri? Phunziro lino likuyankha funsoli pogwiritsa ntchito mbiri ndi masamu omwe mwana wa Fomu 3 angathe kuwatsatira.

Ndege zomwe oyendetsa amazikonda

Oyendetsa ndege zankhondo akamatchula ndege yapamtima pawo, kawirikawiri amayang'ana zinthu ziwiri: kumvera kwa ndegeyo, komanso kuti munthu ali m'katimo aziona bwino kunja.

Hawker Hunter ya ku Britain, yomwe idauluka koyamba mu 1951, idatchuka chifukwa cha kumvera kwake. Kuno kwathu idagwira ntchito zaka zambiri ku Zimbabwe, pa bwalo la Thornhill ku Gweru. MiG-21 ya ku Soviet Union, yomwe Zambia ndi Mozambique adali nayo, inali yaliwiro, yosavuta kukonza, ndipo adapanga zoposa 10,000. Koma imatera ikuthamanga kwambiri ndipo sikhululukira wolakwitsa. F-16 ya ku America, yomwe idauluka koyamba mu 1974, ili ndi galasi lozungulira mutu wonse wa woyendetsa, mpando wopendekera chagada, ndi kompyuta yothandiza kuwongolera.

Ndege zoterezi zimauluka motsika dala. Mafunde a radar amayenda mowongoka, choncho ndege yobisala kuseri kwa phiri kapena m'chigwa sioneka msanga kwa adani. Vuto n'lakuti ndege ikamvera kwambiri, mwini wake amayamba kudzikhulupirira mopitirira muyeso.

Masamu a masekondi

Tengani jeti yothamanga makilomita 800 pa ola. Gawani mamita 800,000 ndi masekondi 3,600: ndegeyo ikuyenda mamita 222 pa sekondi iliyonse, kutalika kwa mabwalo awiri a mpira. Ikakhala mamita 30 kuchokera pansi, n'kuweramitsa mphuno ndi madigiri 5 okha, imatsika mamita 19 pa sekondi. Pasanathe masekondi awiri yagunda pansi. Kungoyang'ana mapu kamodzi n'kokwanira.

Ndege yonyamula anthu yoyenda makilomita 300 pa ola imadutsa mamita 83 pa sekondi. Ngati nkhungu ikulola kuona mamita 500 okha kutsogolo, woyendetsa ali ndi masekondi 6 oti aone phiri, azindikire chomwe waona, awonjezere mphamvu ya injini, ndegeyo n'kuyamba kukwera. Nthawi zambiri masekondi amenewa sakwana.

Misampha itatu

Woyamba ndi chida choyezera kutalika. Chida chofala chimayeza kulemera kwa mpweya, ndipo chimauza woyendetsa kutalika kwake kuchokera pa nyanja yamchere, osati kuchokera pa nthaka yomwe ili kunsi kwake. Phiri la Zomba ndi la Malosa, omwe mtsinje wa Domasi umadutsa pakati pawo, nsonga zake zimapitirira mamita 2,000. Ndege yomwe chida chake chikuwerenga mamita 1,800 ili m'mwamba kwambiri ikakhala pamwamba pa nyanja ya Chilwa, koma ikalunjika ku mapiriwa pa muyeso womwewo, ili kunsi kwa nsonga.

Wachiwiri ndi thupi la munthu. M'kati mwa khutu muli timachubu ta madzi tomwe timatiuza ngati taima chilili kapena tapendeka. Timachubuti timadalira maso kuti atitsimikizire. Mumtambo, momwe simuoneka malire a thambo ndi dziko, ndege ikhoza kupendeka pang'onopang'ono khutu osamva kanthu. N'chifukwa chake pali malamulo awiri a kaulukidwe: kuuluka modalira maso, komwe kumafuna kuti kunja kuzioneka, ndi kuuluka modalira zida, komwe kumafuna kukhala pamwamba pa phiri lililonse la m'njiramo. Ngozi yaikulu imakhala pakati pa ziwirizi, pomwe woyendetsa wodalira maso amatsikirabe kunsi kwa mitambo kuti aziona pansi, mpaka mtambo ndi phiri zikumane. Aliyense amene adaona chiperoni cha mu Juni chikumeza phiri la Malosa akudziwa kufulumira kwake.

Wachitatu ndi kukhota. Ndege ikapendeka madigiri 60, mapiko ake amasenza kulemera kwake kowirikiza kawiri, ndipo imafuna liwiro lochulukirapo kuti isagwe. Kukhota mwadzidzidzi uli pafupi ndi nthaka kumadya kutalika komwe ulibe.

Zitsanzo za kunja

Pa 3 Febuluwale 1998, ndege ya asilikali a America ya EA-6B Prowler, ikuuluka motsika kuposa momwe lamulo limalolera m'chigwa cha Cavalese ku Italy, idadula chingwe chonyamula kangolo kokweza anthu kuphiri. Anthu 20 adafa, pomwe ndegeyo idakatera bwinobwino. Pa 22 Ogasiti 2015, pa chionetsero cha ku Shoreham ku England, Hunter yokondedwa ija idayamba kuzungulira m'mwamba ilibe liwiro ndi kutalika kokwanira, n'kugwera pa msewu waukulu. Anthu 11 omwe adali pansi adafa. M'ngozi zonse ziwiri, ovutika adali anthu omwe sadasankhe kukhala pa chiswe.

Mbuzini ndi Chikangawa

Pa 19 Okutobala 1986, ndege ya Tupolev Tu-134 yonyamula Pulezidenti Samora Machel kuchokera ku Mbala m'dziko la Zambia idawomba mapiri a Lebombo pa Mbuzini, usiku, ikutsika ngati yayandikira Maputo. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo wa ku South Africa lidapeza kuti belu lochenjeza za kuyandikira nthaka lidalira kwa masekondi 32 koma oyendetsa sadakweze ndege. Dziko la Soviet Union lidatsutsa lipotilo ponena kuti ndegeyo idasocheretsedwa dala ndi chizindikiro chabodza cha wailesi, ndipo mkanganowu sudathe. Koma ngakhale wosocheretsedwa, belu likalira amayenera kukwera. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali athu ya Dornier 228 idanyamuka pa bwalo la Kamuzu nthawi ya 9:17 m'mawa kupita ku Mzuzu. Idanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, paulendo wa kumaliro a Ralph Kasambara. Idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo idapezeka mawa lake. Anthu onse 9 adamwalira. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany adatsatira njira ya ndegeyo pogwiritsa ntchito GPS yomwe idali m'katimo. Lipoti lawo lomaliza la mu 2025 lidati oyendetsa, akuuluka modalira maso, adalowa m'nyengo yosaoneka kutsogolo n'kuwomba mtunda wokwera. Lidatchulanso kupitiriza ulendo motsika nyengo ili yoipa, ndi kusakonzekera mokwanira asananyamuke. Ndegeyo idalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, ndipo batire la kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera lidatha ntchito mu 2004. Amalawi ambiri akadali ndi mafunso, ndipo kusowa kwa makina ojambulawo ndi chifukwa chimodzi chomwe mafunsowo akuvutira kuyankha.

Zimene tikutolapo

Zida zimathandiza. Kuyambira mu 2014, ndege za F-16 za ku America zili ndi kompyuta yomwe imalanda chiwongolero n'kukweza ndege yokha ikaona kuti nthaka yayandikira. Koma chitetezo choyamba ndi chisankho chomwe chimapangidwa nthawi ikadalipo: kudikira, kubwerera, kapena kukwera pamwamba. Pa maphunziro a masiku ano, woyendetsa wamng'ono amaphunzitsidwa kuyankhula poyera akaona wamkulu wake akulakwitsa, ndipo wokwera ndege, kaya akhale bwana wamkulu motani, alibe mawu pa nkhani ya nyengo. M'chikhalidwe chathu cholemekeza akuluakulu, phunziro limeneli ndi lovuta, ndipo likukhudza woyendetsa minibasi pa msewu wa Zomba ndi Liwonde monga momwe likukhudzira woyendetsa ndege.

Mafunso okambirana

1. Ndege ikuthamanga makilomita 360 pa ola ndipo kutsogolo kukuoneka mamita 400. Woyendetsa ali ndi masekondi angati?
2. Fotokozani chifukwa chake kutsikira kunsi kwa mitambo n'koopsa kwambiri ku Chikangawa kusiyana ndi pamwamba pa nyanja ya Malawi.
3. Kodi wamng'ono angauze bwanji wamkulu kuti "tibwerere" mwaulemu, koma momveka?